Linnea Awerenga Minga ya Nsomba

Linnea anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mbali mwa nyanja yaing'ono, kumpoto kwa chigawo cha Wisconsin. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuwagwirira nsomba Ababa ake.

Ababa anali atathyoka mwendo. Anagwa pa makwerero pokonza denga. Tsopano mwendowo unali m'chikhakha. Chikhakhacho chinali cholemera kwambiri.

Tsiku lililonse Ababa ankakhala pakhonde. Ankayang'ana nyanja. Ankayang'ana bwato lawo. Sankalankhula zambiri. Ankangoyang'ana.

Tsikuli linali Lachisanu. Kumeneko Lachisanu ndi tsiku la nsomba yokazinga. Ababa ndiwo ankawedza. Amayi ndiwo ankakazinga.

Koma lero Amayi anatsegula firiji. Anatulutsa katoni ya nsomba za kusitolo.

"Ndiwo zathu lero ndi izi," anatero Amayi.

Ababa anasuzumira pazenera. Anapukusa mutu.

"Mayi a Linnea, imeneyo mukuti nsomba? Nsomba yanji yopanda mutu? Nsomba yanji yopanda mchira?"

"Mudya yomweyi," anayankha Amayi. "Mwendo ukapola mukagwira yanu."

Ababa anatembenukiranso kunyanja.

Linnea anamva chisoni. Anatuluka pakhonde. Anagwira dzanja la Ababa.

"Ababa, ine ndikakugwirirani nsomba."

"Iweyo, mwanangu?"

"Inde, ineyo. Nsomba yeniyeni. Ya mutu ndi mchira."

Ababa anamwetulira pang'ono. Pang'ono chabe.

Panja panalira galimoto. Anali Azakhali Noreen, mlongo wawo wa Ababa. Anabwera ndi mwana wawo Arlo. Arlo anali msuweni wa Linnea. Anali ndi zaka khumi. Ankakonda kumuseka Linnea.

"Achimwene!" anafuula Azakhali. "Mukadali pampando womwewo? Mumera mizu inu!"

"Ndisiye, Noreen," anatero Ababa. "Nsomba zikundiseka m'madzimo."

Linnea anathamangira kwa Azakhali.

"Azakhali, ndiperekezeni kudoko. Ndikufuna kuwagwirira nsomba Ababa."

Arlo anaseka. "Iwe? Chaka chatha unagwira udzu wokhawokha!"

"Nanga iwe? Iwe unakola chipewa chako chomwe!"

"Inali mphepo imene ija!"

"Basi, basi," anatero Azakhali. "Valani majekete oyandamitsa. Nonse awiri."

Linnea anavala jekete yake. Arlo anavala yake. Arlo ananyamula ndodo ziwiri za mbedza. Azakhali ananyamula chitini cha nyongolotsi. Linnea ananyamula ndowa yoyera.

"Noreen!" anaitana Ababa. "Uwauze za nsomba ija, wamkuwa. Juni wangoyamba kumene."

"Ndikudziwa, achimwene. Ndinabadwira pano inenso."

Anatsika kanjira ka kudoko. Doko linali la matabwa. Madzi anali oyera bwino. Pansi pankaoneka miyala. Miyala ikuluikulu ndi miyala ing'onoing'ono.

Linnea anatunga madzi m'ndowa. Anaika ndowa pambali pake.

Azakhali anakhala pansi. "Tamverani, ana inu. M'miyala umu muli nsomba yotchedwa bass wamkuwa. Mwezi uno ali pa zisa. Wamphongo akulondera mazira. Tikamugwira, timubweza m'madzi msanga. Ndi lamulo."

"Nanga Ababa adya chiyani?" anafunsa Linnea.

"Alipo mnzake. Dzina lake ndi rock bass, bass wa m'miyala. Ameneyo alipo wambiri. Lamulo likutilola kudya."

"Ndimamudziwa!" anatero Arlo. "Ndi uja wa maso ofiira."

"Tiona," anatero Azakhali.

Linnea anakoleka nyongolotsi pambedza. Anaponya chingwe m'madzi. Kampira kofiira ka pachingwepo kanayandama pamwamba.

Anadikira. Anadikira. Anadikirabe.

Kenaka kampira kanamira. Ndodo inapindika!

"Azakhali! Ikukoka!"

"Gwiritsa! Usasiye!"

Nsomba inathawira kumanja. Inathawira kumanzere. Inalumpha pamwamba pa madzi. Phava!

Linnea anakoka. Azakhali anamuthandiza. Nsomba inafika padoko. Inali yaikulu. Inali yaitali ngati mkono wa Linnea.

"Maso ofiira!" anafuula Linnea. "Taonani! Ndi wa m'miyala! Ndi wa Ababa!"

"Dikira kaye, mwanangu," anatero Azakhali.

Azakhali ananyowetsa manja awo. Anayambira kumutu kwa nsomba. Anatsetsereka ndi dzanja pang'onopang'ono. Minga ya pamsana inagona pansi. Anachotsa mbedza.

"Mwaona kagwiridwe kake? Manja onyowa. Kuyambira kumutu. Ukatero sikubaya."

Anaitembenuza nsomba ija chagada. Analoza chipsepse cha pansi, pafupi ndi mchira.

"Pano pali minga yolimba. Kumbuyo kwake kuli yofewa. Werenga yolimba yokha."

Linnea anawerenga ndi chala. "Umodzi. Iwiri. Itatu."

"Ina iliponso?"

"Ayi. Itatu basi."

"Ndiye ameneyu ndi wamkuwa. Wamkuwa ali ndi minga itatu. Wa m'miyala ali ndi isanu ndi umodzi."

"Koma maso ake ndi ofiira, Amayi," anatero Arlo.

"Wamkuwa nayenso nthawi zina amafiira maso. Maso okha musawakhulupirire. Werengani minga."

Azakhali anagwada. Anaika nsomba m'madzi. Nsomba inapukusa mchira. Inapita.

Linnea anayang'ana m'ndowa. Munali madzi okhaokha. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Inali yaikulu," anatero. "Ababa akanakhuta."

"Ndikudziwa," anatero Azakhali. "Koma wabwerera ku mazira ake. Akachedwa, tinsomba tina timadya mazirawo."

Linnea anapukuta maso. Anakolekanso nyongolotsi ina.

Tsopano kampira ka Arlo kanagwedezeka. Arlo anaimirira.

"Taonani katswiri! Iyi ndiye nsomba, osati zamasewera!"

Anakoka ndi mphamvu zake zonse. Panatuluka kansomba kakang'ono. Kanali kozungulira ngati bisiketi.

Linnea anaseka mpaka kukhala pansi. "Katswiri! Tiitane galimoto idzanyamule?"

"Khala chete iwe."

Arlo anakagwira mofulumira. Sananyowetse manja. Sanayambire kumutu.

"Mayo! Kandibaya!"

Anayamwa chala chake. Azakhali anakatenga kansomba kaja.

"Aka ndi ka bluegill. Taonani kakamwa kake. Ndi kakang'ono zedi. Linnea, werenga."

"Umodzi. Iwiri. Itatu."

"Itatu. Si wa m'miyala ayi. Komanso kachepa. Kapite kakakule."

Kansomba kanabwerera m'madzi.

"Azakhali," anafunsa Linnea, "bwanji zonsezi zili ndi minga?"

"Ndi banja limodzi. Banjali limatchedwa sunfish. Wamkuwa ali momwemo. Bluegill ali momwemo. Wa m'miyala ali momwemo. Ndi pachisuweni, ngati iwe ndi Arlo."

"Ndiye Arlo ndi bluegill. Wobayabaya."

"Bluegill ndiwe! Kachepa, kapite kakakule!"

Azakhali anaseka. "Wedzani, asuweni inu. Dzuwa silikudikirani."

Anawedza. Anawedzabe. Koma tinsomba tating'ono tinali tochenjera. Tinkaba nyambo. Kampira kankagwedezeka pang'ono. Linnea akakoka, mbedza inkatuluka yopanda kanthu.

Nyongolotsi zinachepa. Zinachepabe. Kenaka zinatha.

Azakhali anaimirira. "Ndikakumbe zina kuseri kwa dimba. Majekete osavula. Osakankhana. Achimwene akukuonani pakhonde paja."

Azakhali anakwera kanjira kaja. Linnea ndi Arlo anatsala awiri.

Linnea anafufuza m'chitini. Anasanthula dothi ndi chala. Pansi penipeni anapeza kachidutswa ka nyongolotsi.

"Kameneko sikangagwire kanthu," anatero Arlo.

"Ndiyesa."

Linnea sanaponye patali. Anayang'ana pansi pa doko. Panali miyala iwiri ikuluikulu. Pakati pake panali mthunzi wakuda. Anatsitsira mbedza pomwepo.

Anadikira. Anadikira.

Kampira kanamira kamodzi n'kamodzi!

"Koka! Koka!" anafuula Arlo.

Linnea anakoka. Nsomba inatuluka m'madzi. Inalendewera pa chingwe. Inali yaifupi ndi yonenepa. Inali yakuda bii. M'mbali mwake munali timadontho takuda, tondandalikana m'mizere. Kukamwa kwake kunali kwakukulu. Maso ake anali ofiira psuu.

Arlo anasendeza ndowa msanga. Nsomba inaphiriphitha. Inadzimasula yokha pambedza. Inagwera m'ndowa. Khuvu!

"Ndi wa m'miyala!" anafuula Arlo. "Wakuda! Wamadontho! Ndi yemweyo!"

Linnea analumpha. Arlo analumpha. Anavina padoko. Matabwa analira gu, gu, gu.

"Ababa!" anakuwa Linnea. "Ndagwira! Ndakugwirirani!"

Kutali pakhonde Ababa anamva. Anatukula ndodo yawo yoyendera. Anaigwedeza m'mwamba. Anaigwedezanso.

"Akondwa," anatero Linnea. "Waona? Ababa akondwa."

Anavinanso. Anakangana za kukula kwa nsomba. Arlo anati ndi yaing'ono. Linnea anati ndi yaikulu.

"Tiye tikaione," anatero Arlo.

Anasuzumira m'ndowa. Arlo anasiya kuseka.

Nsomba ija sinalinso yakuda. Inali yotuwa. Inali yachikasu pang'ono. Timadontho tija tinali titazimirira.

"Linnea," anatero Arlo motsitsa mawu. "Talakwitsa."

"Talakwitsa chiyani?"

"Taona khungu lake. Likuwala ngati mkuwa. Ameneyu ndi wamkuwa wamng'ono."

"Ayi! Anali wakuda!"

"Tinamuona mothamanga. Taona wekha. Wakuda ameneyu?"

Linnea anayang'anitsitsa. Sinali yakuda.

Arlo anagwira ndowa. "Amayi anati timubweze msanga. Mwina ali ndi mazira pansipa. Ndikumukhuthulira m'madzi."

Anayamba kupendeketsa ndowa.

"Dikira!" anafuula Linnea. Anagwira ndowa mbali inayo.

"Siya, Linnea. Ndi lamulo."

"Sitinawerenge!"

"Chiyani?"

"Minga. Sitinawerenge minga. Tinangovina."

Arlo anaika ndowa pansi. Anayang'ana chala chake chobayidwa chija.

"Werenga wekha. Ine sindigwiranso."

"Chabwino."

"Nanga ikakhala itatu?"

Linnea anayang'ana kukhonde. Ababa anali akuyang'anabe kudoko. Anali akudikira nsomba yawo. M'chitini munalibe nyambo ina.

Linnea anatembenukira kwa Arlo.

"Ikakhala itatu," anatero, "ndiibweza ndekha."

Ananyowetsa manja. Anawalowetsa m'ndowa. Anayambira kumutu. Anatsetsereka pang'onopang'ono. Minga ya pamsana inagona pansi.

Anaitukula nsomba. Anaitembenuza chagada. Inali yoterera. Inali yozizira.

Anapeza chipsepse cha pansi. Anayamba kuwerenga.

"Umodzi. Iwiri. Itatu..."

Nsomba inaphiriphitha. Inapulumuka m'manja mwake. Inagweranso m'ndowa. Madzi anamuthovukira kumaso.

"Itatu!" anatero Arlo. "Wanena wekha. Itatu."

"Sindinamalize!"

"Linnea..."

"Sindinamalize, Arlo. Manja anga achepa. Sindingathe kugwira ndi kuwerenga nthawi imodzi. Ndithandize."

Arlo anakanda mutu. Anayang'ana nsomba. Anayang'ana Linnea.

"Ikandibaya, undipatsa chitumbuwa chako madzulo."

"Ndikupatsa theka."

"Chonse."

"Theka. Fulumira!"

Arlo ananyowetsa manja. Anayambira kumutu. Anatsetsereka pang'onopang'ono. Nsomba sinamubaye. Anaigwira ndi manja awiri. Anaitembenuza chagada.

Linnea anatambasula chipsepse ndi chala. Minga inaimirira. Woyamba unali waufupi. Wachiwiri unali wotalikirapo.

"Umodzi," anatero Linnea. "Iwiri. Itatu."

Anapuma. Chala chake chinasuntha pang'ono. Chinakhudza munga wina wolimba.

"Inayi!"

"Pitiriza!" anatero Arlo.

"Isanu. Isanu ndi umodzi!"

"Bwereza. Mwina wawerenga yofewa."

Linnea anabwereza. Anakhudza uliwonse ndi chala. Yonse inali yolimba.

"Umodzi. Iwiri. Itatu. Inayi. Isanu. Isanu ndi umodzi."

Arlo anawerenganso ndi maso ake. Inalidi isanu ndi umodzi.

Anaibweza nsomba m'ndowa. Anapumira m'mwamba.

"Ndi wa m'miyala," anatero Arlo. "Ndinatsala pang'ono kutaya ndiwo za Amalume."

"Katswiri," anatero Linnea.

"Usayambe."

Awiriwo anagwada pambali pa ndowa. Nsomba inali yotuwabe.

"Koma bwanji watuwa?" anafunsa Arlo. "Akudwala?"

Linnea anaganiza. Anayang'ana pansi pa doko. Kunali mdima. Miyala inali yakuda. Anayang'ana ndowa. Inali yoyera mbee.

"M'miyala anali wakuda," anatero. "M'ndowa yoyera watuwa."

"Ndiye?"

"Tiyike miyala m'ndowamu."

Anapita m'mphepete mwa madzi. Anatola miyala yakuda. Anaiyika m'ndowa mosamala. Arlo anavula chipewa chake. Anaphimba pamwamba kuti pakhale mthunzi.

Anadikira. Anadikira pang'ono.

Arlo anatukula chipewa. Anasuzumira.

"Eee! Linnea, taona!"

Nsomba inali itadanso. Timadontho tija tinali titabwerera. Inabisala pakati pa miyala. Maso ofiira okha ndiwo ankaoneka bwino.

Nthawi yomweyo Azakhali anatulukira. Manja awo anali ndi dothi.

"Nyongolotsi zathawa dzuwa," anatero. "Sindinapeze ngakhale imodzi. Nanga inu mwagwadira chiyani pamenepo?"

Ana onse awiri analankhula nthawi imodzi. Linnea ananena za miyala. Arlo ananena za ndowa. Linnea ananena za minga.

"Mmodzimmodzi!" anatero Azakhali. "Ndili ndi makutu awiri okha."

Linnea anafotokoza zonse. Azakhali anamvetsera. Kenaka anaitulutsa nsomba ija.

"Tiyeni tione. Thupi lalifupi, lonenepa?"

"Inde!"

"Kukamwa kwakukulu?"

"Inde!"

"Timadontho m'mizere?"

"Inde!"

"Minga ya pansi?"

"Isanu ndi umodzi!" anafuula onse awiri.

"Ndi yemweyo, bass wa m'miyala. Ena amakhala ndi isanu. Ena amakhala ndi isanu ndi iwiri. Koma itatu ayi."

"Azakhali, bwanji anatuwa?"

"Amatero. Amasintha khungu kuti afanane ndi malo amene ali. Pakuda amada. Poyera amatuwa. Ndi mmene amabisalira. Ndinaiwala kukuuzani."

"Mukanatiuza, Amayi!" anatero Arlo. "Mtima wanga unatsala pang'ono kutuluka."

"Koma mwadziwa nokha. Wayamba kuwerenga ndani?"

Arlo analoza Linnea. "Ka bluegill aka."

Amayi anaitana kuchokera kunyumba. Mafuta anali pamoto.

Linnea anachotsa miyala m'ndowa. Ananyamula ndowa ndi manja awiri. Inali yolemera. Madzi ankatayikira pa mapazi ake. Arlo anafuna kumulandira. Linnea anakana.

Anafika pakhonde. Anaika ndowa pamapazi pa Ababa.

"Nayi, Ababa."

Ababa anawerama. Anayang'ana m'ndowa nthawi yaitali.

"Wagwira wekha?"

"Ndekha. Ndi kachidutswa ka nyongolotsi."

"Ukudziwa kuti si wamkuwa?"

"Werengani, Ababa. Koma munyowetse manja."

Ababa anayang'ana Azakhali. Azakhali anayang'ana kumwamba. Ababa ananyowetsa manja. Anaigwira nsomba. Anawerenga mokweza. Linnea anawerenga nawo.

"Isanu ndi umodzi," anatero Ababa. "Mayi a Linnea! Tulukani mudzaone mwana wanu!"

Amayi anatuluka ndi supuni m'manja. "Imodzi yomweyi? Phokoso lonse lija?"

"Imodzi yomweyi, alamu," anatero Azakhali. "Koma yawerengedwa kanayi."

Azakhali anaikonza nsomba ndi mpeni. Panatuluka tizidutswa tiwiri toyera. Amayi anatigubuduza mu ufa. Anatiika m'mafuta otentha. Tswaa! Fungo linadzaza nyumba yonse.

Onse anakhala patebulo. Panali zitumbuwa za mbatatesi. Panali kabichi wodula bwino. Panali buledi wakuda. Ena onse analandira nsomba ya kusitolo. Mbale ya Ababa yokha inali ndi nsomba ya m'nyanja.

Ababa analuma pang'ono. Anatseka maso. Anatafuna pang'onopang'ono.

"Ili bwanji, Ababa?"

"Ikukoma, mwanangu. Ikukoma kwabasi."

Anatenga kachidutswa kachiwiri. Anakaika m'mbale ya Linnea.

"Msodzi amalawa nsomba yake."

"Nanga wogwirizira?" anafunsa Arlo.

Linnea ananyema pakati. Anamupatsa Arlo mbali imodzi. Arlo anameza kamodzi. Anayang'ananso m'mbale ya Ababa.

"Usayang'ane kuno iwe," anatero Ababa. Anaphimba mbale ndi dzanja.

Kenaka Ababa anatembenukira kwa Linnea.

"Unaigwira pati penipeni?"

"Pansi pa doko. Pakati pa miyala iwiri ija."

"Pamene pali mmodzi pamakhala anzake. Mawa ndikufuna ndikaone."

"Ndi mwendo umenewo?" anafunsa Amayi. "Kanjira kaja n'kotsetsereka."

"Wilibala tili nayo."

"Wilibala!" anatero Azakhali. "Akankha ndani?"

"Iweyo, Noreen. Si unati ndimera mizu?"

Onse anaseka. Ababa ndiwo anaseka koposa.

M'mawa kutacha, Amayi anayala mapilo m'wilibala. Ababa anakhalamo. Mwendo wa chikhakha unaloza kutsogolo. Azakhali anagwira chogwirira chimodzi. Amayi anagwira chinacho. Arlo ananyamula mpando ndi nyongolotsi zogula kusitolo.

"Pang'onopang'ono, Noreen! Undigwetsera m'madzi!"

"Khalani phee, achimwene. Mukulemera ngati thumba la mbatatesi."

Linnea anatsogola ndi ndowa yake. Anafika padoko woyamba. Anatunga madzi.

Anawakhazika Ababa pampando, pafupi ndi miyala iwiri ija. Ababa anatsitsa mbedza m'madzi. Linnea anakhala pansi pambali pawo. Anapinda manja a malaya ake.

"Ababa, inu muzigwira," anatero. "Ine ndiziwerenga."